Miyendo ya Ana a Thecla

Rosettenville, Joni
9 Febuluwale 2025

Okondedwa Amake Thelma,

Muli bwanji inu ndi mwana wathu? Nanga mbuzi, makamaka ija yamwano yodya sopo? Ine ndinafika bwino, ndidya, ndigona, ndili moyo. Kalatayi ndapatsira Mai Aida amene akwera basi Lachitatu ndi katundu wao wa malonda. Musandiseke kuti munthu wa foni m'thumba alemberanji kalata. Foni yanu muyankhira pa shopu ya Nason pomwe muchajira, ndipo ndikangoti "ndakusowani" mudzi wonse wa Katondwe umva, ndi agalu omwe.

Nkhani ya pa 23 Ogasiti ndailandira ndi manja awiri. Ati a Fidelis, aphunzitsi athunthu, akwatira mwana wa ine mlonda! Nditamva ndinakuwa pa geti mpaka makasitomala anayesa ndagwira wakuba. Ndatumiza nsalu yoyera ndi zipi ziwiri. Diresi musoke ndinu, musapereke kwa telala wa ku Boma. Makina anu aja asokera ana a eni zaka makumi awiri, manje asokereko wathu. Ndipo muuze Thelma kuti atate ake adzavina tsikulo mpaka fumbi lidzafike ku Zumbo.

Ntchito ndi yomwe ija: kuima pa geti ya shopu ya simenti ndi malata, kuona malisiti a anthu otuluka, kuyambira sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo. Mpando kulibe. Bwana ati mlonda wokhala pansi ndi mlonda wogona. Mabuti anga ayamba kundithina madzulo, koma m'mawa akwana bwinobwino. Kaya mabuti a kuno achepa ndi dzuwa, kaya. Si nkhani.

Za akulu anga a Dismas. Ndidziwa mukali ndi mkwiyo chifukwa cha mau aja tinaponyerana pa Khisimisi pa malire a dimba la amai ku Mphuka. Zisiyeni. Chibale ndi fupa, sichiwola. Atate ndi amai anapita, tatsala ndife awiri chabe, ndipo pa ukwati wolankhula m'malo mwa banja ndi iwowo. Muwatumire uthenga msanga.

Ndine wanu,
Tenson


23 Malichi 2025

Amake Thelma,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili bwino kupambana mmene mwamvera. Everisto, mnzanga wa ku Zumbo amene tigona naye chipinda chimodzi, ali ndi pakamwa ngati wailesi. Anauza akazi ake, akazi ake anauza Mai Aida, Mai Aida anauza inu, ndipo pofika kwanu ndinali nditaduka kale miyendo yonse iwiri!

Zoona zake ndi izi. Ikafika foloko madzulo miyendo ilema ngati ndamangirira matumba a simenti. Akakolo atupa, ndikadina ndi chala patsala kadzenje. Kuseri kwa bondo lakumanzere mitsempha yatuluka, yapindikapindika ngati mizu ya mkuyu m'mbali mwa mtsinje. Khungu la pa kakolo lada pang'ono, ndipo liyabwa, mwandi, liyabwa. Koma ndikagona, m'mawa ndiuka ndili mnyamata. Matenda anji ochita kudziwa wotchi?

Manje za phulusa. Mwalemba kuti tsiku lija tinayambana ndi a Dismas, m'mawa mwake munaona alamu anu akuthira phulusa modutsa kanjira ka pa nyumba pao, ndipo ine potuluka ndinalilumpha osadziwa. Mwati kuyambira pomwepo miyendo yanga sinakhalenso bwino. Amake Thelma, inu mai wa mu kwaya! Mwina linali phulusa lotchinga linthumbu, paja nthawi ya mvula ku Mphuka linthumbu lilowa mpaka m'khola la nkhuku. Ndinaseka powerenga mpaka Everisto anandifunsa ngati ndapenga. Iye sanaseke. Ati kwao ku Zumbo anaonapo zotere.

Simunanene ngati uthenga wa ukwati unapita ku Mphuka. Mapira muwalonde, njovu zisatidyere thobwa la ukwati.

Wanu,
Tenson


4 Meyi 2025

Amake Thelma,

Moni. Masau ouma ndalandira, zikomo, Everisto wandithandiza kudya koposa mmene ndinamupemphera. Kaphukusi ka ufa wakuda ka kwa asing'anga kamene mwatumiza nakonso kafika, pamodzi ndi malangizo ake: kutema mphini zitatu pomwe patupa kwambiri ndi kutikitamo.

Thelma anandiimbira. Ati a Dismas anabwera pa njinga ndi mcheni waukulu kudzafunsa za ukwati umene anangomva kwa anthu, ndipo inu munawayankha muli m'nyumba, osatsegula chitseko. Ati nsomba anaisiya pa thandala, inu munaiponyera agalu. Mwana analira pa foni.

Sindikudzudzulani. Ndidziwa kuti ndi mantha, si nkhanza. Nanenso ndisaname, mwendo ukayamba kukokana ndili chiimire pa geti, phulusa lija limabwera m'maganizo. Ndimalipirikitsa, limabweranso. Munthu amene anandibereka kumbuyo kuwoloka nane Luangwa ndili mwana, angandichite zotere chifukwa cha mizere itatu ya mbatata?

Mankhwala ndidzayesa Sande ikubwerayi, kuti mtima wanu ukhale pansi. Everisto ati mphini amadziwa kutema.

Tenson


25 Meyi 2025

Okondedwa Amake Thelma,

Khalani pansi choyamba, musiye makina. Ndili bwino, ndikulemba ndekha, ndipo nkhani yake ili ndi mathero abwino.

Sande ija titachoka ku tchalitchi, Everisto anagula lezala yatsopano. Ndinaima pakhomo nditapinda buluku. Iye anagwada, nasankha mtsempha uja waukulu kuposa yonse, ati njoka uimenya kumutu. Mphini yoyamba chabe, Amake Thelma, magazi anatumphuka ngati paipi yaboola! Anafika pa chitseko, pa nsapato zanga za ku tchalitchi, pa nkhope ya dokotala wathu. Dokotala anaponya lezala nayamba kuitana Maria ndi oyera mtima onse m'Chipwitikizi. Ine ndinangoima ngati chitsa, magazi ali chuu.

Anatipulumutsa ndi amai eni nyumba. Anatuluka ndi thaulo akukalipa m'chilankhulo chao, anandigwetsa chagada pa simenti, anakweza mwendo wanga pa khoma, nadina thaulo pa bala osasiya. Posakhalitsa magazi analeka. Ndiye anatikweza takisi tonse awiri, Everisto akunjenjemera kupambana wodwala.

Ku chipatala ndinapeza sisita wamfupi wa magalasi. Ataona bala anandifunsa, "Bambo, ndani anakuchitani izi?" Ndinati mnzanga. Anati, "Adani anu ndiye achita zotani?" Atamanga bala anagwira mapazi anga kumva kugunda kwa magazi, anapima ndi kamakina, kenako anajambula mwendo pa pepala kuti ndimve.

Ati mtima ukankha magazi kupita ku mapazi, koma pobwerera ayenera kukwera chitunda. M'mitsempha muli tizitseko ting'onoting'ono totsegukira kumwamba chabe, magazi akadutsa titseka kuti asabwerere pansi. Tanga tatopa, sititseka bwino. Ndiye ndikaima tsiku lonse magazi angodikha m'miyendo ngati madzi otsala m'mathamanda mtsinje ukaphwa. Ndikagona pansi chitunda chatha, ndiye chifukwa chake m'mawa ndiuka bwino. Ati mtsempha wotere sautema, ndi wodzaza kale, ena amafa nazo zimenezi ali okha m'nyumba.

Ndinalimba mtima ndi kufunsa za phulusa. Sanandiseke. Anangoti, "Kwanu alipo wina wa miyendo yotere? Zambiri zimayenda m'banja."

Amake Thelma, pomwepo ndinakumbukira. Inu amai anga a Thecla munawapeza atakalamba, ali ndi chitenje chofika pansi chilimwe ndi dzinja. Ine ndinaiona miyendo ija ndili mwana. Mitsempha yomweyi, akakolo akuda omwewa, ndi chilonda chimene chinawazunza zaka zisanu. Ndipo kunali wolakwa. Anthu anati anawatchera ndi mng'ono wao, amai aang'ono a Emeldah, chifukwa cha nsanje. Atate anawathamangitsa ndi nkhwangwa, ine ndi a Dismas tikuponya miyala kumbuyo. Anathawira ku Mburuma, ndipo pa maliro a mkulu wao anangoima patali pa mtengo wa mlambe. Ine ndinalira pamaso pa sisita uja, bambo wa ndevu zoyera.

Ufa wotsala ndautaya m'chimbudzi. Musakwiye. Mutsegulire alamu anu chitseko.

Wanu nthawi zonse,
Tenson


29 Juni 2025

Amake Thelma,

Muli bwanji? Ndifunsa kawiri pakuti Mai Aida abwera maulendo awiri opanda kalata yanu. Pa foni mungoti "tili bwino" ndi kupatsira Thelma. Chabwino, ndilankhula ndekha, paja ndinazolowera pa geti.

Bala linapola. Ndipo mukanandiona manje mukanagwa ndi phwete. Mwamuna wanu avala masokosi aatali ofika m'mabondo, othina ngati khungu lachiwiri, amtundu wa tiyi wa mkaka! Mtengo wake ndi wa kambuzi kakang'ono. Ndiwavala m'mawa ndisanatsike pa bedi, miyendo isanatupe, ndipo kuvala kwake ndi nkhondo. Tsiku loyamba ndinagubuduka pa bedi mpaka pansi. Everisto anditcha Mai Tenson. Ndimamusiya, munthu amene ananjenjemera ndi magazi a mnzake alibe pakamwa.

Koma agwira ntchito, mwandi. Madzulo mabuti avuka okha. Ndikafika kunyumba ndigona chagada miyendo pa khoma, ngati mmene anandigonekera amai eni nyumba. Sisita anandilembera kalata, ndipo bwana atawerenga anandipatsa kampando koti ndikhaleko makasitomala akachepa, ndi kundilola kuzungulira yadi ola lililonse. Anandiphunzitsanso kunyanyamphira: kukwera pa zala, kutsika, kukwera, kutsika, kuti akatumba afinye magazi akwere. Ndichita zimenezi pa geti tsiku lonse. Kasitomala wina anandifunsa ngati ndafuna kupita kuchimbudzi. Ndinati ai, ndikonzekera ukwati wa mwana wanga. Manje oyendetsa mathiraki akafika aliza hutala kuti ndivine. Sisita ati matendawa satheratu, koma ndikawasamala ndidzavina ngakhale pa ukwati wa adzukulu.

Tsono mverani. Ndi liti munaona akulu anga atavala kabudula? Munthu woima m'bwato tsiku lonse kukankha ndi nsungwi, kuwolotsa anthu pa Zambezi, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo, iye buluku lalitali. Pa Khisimisi ndinaona akukanda mwendo pa phazi la mpando nthawi yonse imene tinali kukangana. Sindinaganize kanthu. Manje ndiganiza.

Ndifuna kuwagulira masokosi. Koma sagula mwachisawawa, afuna muyeso: kuzungulira kakolo, kuzungulira katumba, ndi kutalika kuchoka pa chidendene kufika pa bondo, miyendo yonse iwiri, m'mawa kwambiri. Iwo foni alibe, ndipo munthu wina sangamuonetse miyendo yao. Pakati pa Katondwe ndi Mphuka telala amene ndimkhulupirira ndi mmodzi.

Ndidziwa chimene ndikupempha. Mukapeza miyendo yosalala, bwerani mudzanditukwane, sindidzayankha. Koma ngati pa 23 Ogasiti mpando wa akulu anga udzakhala wopanda munthu, ine ndidzavina ndithu chifukwa cha Thelma, koma mudzadziwa inu nokha kuti mtima wanga suli m'bwalomo.

Tenson


27 Julaye 2025

Amake Thelma, mkazi wanga, telala wa matelala!

Muli bwanji? Musayankhe, ndidziwa muli bwino! Mai Aida afika dzulo ndi envulopu yonunkha nsomba. Ndinatsegulira pa siteshoni pomwepo. M'kati kapepala kong'amba m'buku lanu la miyeso, manambala asanu ndi limodzi, ndi mizere iwiri chabe: "Wakumanzere uli ndi kachilonda pa kakolo. Ndawaperekeza ku chipatala cha mishoni."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mwandilembera makalata, ena a masamba anayi onena za mbuzi. Palibe imene ndaiwerenga kambiri ngati iyi. Ndinanyanyamphira pakati pa siteshoni mpaka Mai Aida anati ndiwachititsa manyazi.

Iwo ndiwo andiuzako pang'ono. Ati munanyamuka pa njinga tambala atangolira, tepi ili m'khosi, ndipo munafika ku Mphuka bwato lisanalowe m'madzi. Ati munakhala m'nyumba muja nthawi yaitali, ndipo potuluka maso a nonse awiri anali ofiira. Zimene munakambirana sindifunsa. Nsomba zouma za pende zimene akulu anga atumiza ndazilandira, ndipo Everisto sadzalawa ndi mchira womwe.

Masokosi ndagula, akuda, pakuti a Dismas sangalole amtundu wa tiyi. Koma asavale okha. Apite nao ku chipatala, a kumeneko aone chilonda ndi kumva mapazi ngati mmene anandichitira ine, anene okha tsiku loyamba kuvala. Muwauze akafika kumtunda azigoneka miyendo pa mtondo. Mwendo umodzi ukadzatupa mwadzidzidzi ndi kuwawa, asadikire mawa, athamangire kwa madokotala. Ndipo aliyense wobwera ndi lezala amupirikitse ndi nkhafi.

Livi andipatsa. Ndifika pa 19 Ogasiti. Mu basi ndidzatsika pa malo onse oima ndi kuyendayenda, musadandaule. Diresi musandionetse pa foni, ndifuna kudzaiona ndi maso.

Wanu wosangalala,
Tenson


14 Seputembala 2025

Okondedwa Amake Thelma,

Ndinafika bwino, ndayamba ntchito. Muli bwanji m'nyumba yopanda mwana? Ndidziwa mukali kuika mbale ziwiri. Musalire kwambiri, a Fidelis akhala pafupi, njinga ifika.

Anzanga kuno atopa nane. Aliyense wotuluka pa geti ndimuonetsa chithunzi cha diresi ndisanaone lisiti yake. Ndiwauza mmene ndinayendera ndi Thelma kuchoka pa khomo la tchalitchi mpaka kutsogolo, osatsimphina, inu mukulira m'kwaya mpaka nyimbo inasokonekera. Ndiwauza mmene akulu anga analankhulira, bwino, mofatsa, mpaka pamene anatulutsa kachitini kokulunga m'pepala la mphatso nati, "Aka si ka akwati, ndi ka alamu anga." Inu kutsegula, phulusa! "Linthumbu likakuvutani, alamu, muthire pa khomo. Koma muuze amuna anu azungulire." Ndinaona mutagwira chitini chija, osadziwa ngati mukwiye kapena museke, kenako munawathamangitsa nacho kuzungulira tebulo la keke. Abambo mfumu anaseka mpaka anavula magalasi.

Koma chimene sindidzaiwala ndi m'bwalo. Ine ndinali kuvina ndekha mwaulemu, ngati mpongozi. Ndiye a Dismas anaimirira, anawerama, napinda buluku mpaka m'mabondo pamaso pa anthu onse. Munthu amene wabisa miyendo zaka khumi! Masokosi akuda ali mbee poyera. Ine ndikanatani? Ndinapinda langa. Amai onse nthungululu, ana kugubuduka, ng'oma kuwonjeza moto, ana awiri a Thecla tikusinthana m'bwalo, wakuda ndi wa tiyi. Fumbi sindidziwa ngati linafika ku Zumbo, koma m'mphuno mwanga likalimo.

Za dimba tinamaliza tili chigonere pa mphasa m'mawa mwake, miyendo inayi pa khoma la kitchini yanu. Mizere itatu ija tapatsa Thelma.

Pali china chimene tinakambirana pa mphasa paja, ndipo sindinapeze mpata wokuuzani pakati pa alendo. Akulu anga anafufuza kwa anthu otentha makala. Amai aang'ono a Emeldah ali moyo. Akhala ku Mburuma kwa mdzukulu wao, maso achepa mphamvu koma mutu uli bwino. Ati sayenda kwambiri. Ati avala chitenje chofika pansi.

Thiraki ya makala ipita kumeneko Lachisanu lililonse. A Dismas ati apita, koma okha aopa, sadziwa poyambira, pakuti mwala woyamba tsiku lija anaponya ndi iwo. Ine ndidzapita pa Khisimisi ndi miyendo yangayi, koma munthu wa zaka zao sitingamuuze kuti adikire Khisimisi. Muwaperekeze ndinu, pakuti njira ya kupepesa muidziwa kale, munaiyenda pa njinga kupita ku Mphuka.

Mutenge shuga, mutenge chithunzi cha Thelma, mutenge ndi tepi yanu. Mugone komweko. Mukawauze kuti ana a Thecla apepesa, ndipo akalola, muwayeze m'mawa, miyendo isanatupe.

Ndine wanu, wa masokosi a tiyi,
Tenson